Amene Anakhazika Achimwene pa Benchi

1

Amayi amati ine ndinayamba kuyankhula ndisanamere mano, ndipo mpaka lero sindinapume. Kusukulu aphunzitsi anandisintha malo kanayi temu imodzi, koma paliponse pamene andikhazika ndimapezapo munthu wofuna kumva nkhani. Ndiye musadabwe kuti ndakulemberani. Nkhani iyi yakhala ikundiyabwa pakhosi miyezi isanu, ndipo eni ake andilola kuti ndiinene, bola ndisatchule dzina la munthu. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Khalani pansi bwinobwino, muli zinthu muno.

Achimwene anga amasewera mpira, pakati, nambala eyiti. Kubwalo amawatchula kuti Injini, chifukwa akayamba kuthamanga sazima mpaka masewero atatha. Nthawi imene ndikunenayi ankasewera timu ya m'dera mwathu, ya mu ligi yaing'ono, zija zimapita kumasewero pa lole osewera atakhalira zikwama zawo. Kunyumba Injiniyo ndi munthu wofatsa zokwiyitsa. Mukawafunsa kuti masewero ayenda bwanji amangoti, "Bwino." Mwagoletsa? "Pang'ono." Munthu amagoletsa bwanji pang'ono?

Ndiye panali alamu, chibwenzi cha achimwene. Sanakwatirane ayi, koma ine ndinayamba kuwatchula alamu tsiku loyamba lomwe, iwo n'kumabisa nkhope. Amasoka zovala pa kashopu ka pafupi ndi siteji ya basi, ndipo ndi okongola moti anyamata amadula dala mabatani a malaya kuti apeze chopitira kumeneko.

Awiriwa anali ndi kachinsinsi kawo. M'mawa uliwonse asanakatsegule shopu, alamu ankabwera kuseri kwa nyumba yathu ndi tinsalu totsala posoka, tofiira, tobiriwira, tachikasu. Achimwene ankamenyetsa mpira kukhoma, alamu ataima kumbuyo kwawo. Mpira usanabwerere, alamu ankakweza kansalu kamodzi, ndipo achimwene ankayenera kucheuka, kutchula mtundu wake, kenako n'kulandira mpirawo.

"Kofiira."

"Wanama, kachikasu. Ukuyang'ana nkhope yanga m'malo mwa nsalu."

"Nanga nkhopeyo waibweretseranji?"

Achimwene ankati wosewera pakati amene sadziwa chimene chili kumbuyo kwake amagwirira ntchito adani. Koma sankafuna kuti anzawo a ku timu amve za tinsalu, angawaseke. Anawalumbiritsa alamu kuti asauze munthu, ngakhale amayi awo.

Mwina mukufunsa kuti ine ndinadziwa bwanji. Dekhani, tifika.

2

Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka, pa wailesi pamakhala pulogalamu ya zamasewero, ija anthu amatumizako mauthenga pa foni. Kwathu timaimvera tonse, amayi akusita, achimwene akupukuta jombo.

Tsiku lina muulutsi anati, "Uthenga uwu wachokera kwa munthu amene wangodzitchula kuti Wapafupi. Akuti, inu mumangokamba za matimu akuluakulu, koma ku ligi yaing'ono kuli nambala eyiti wotchedwa Injini amene mpira umamumvera ngati mwana wake."

Amayi anaiwala simbi pa malaya mpaka tinamva fungo.

"Ndi anzanga a ku timu amenewo," anatero achimwene. "Akundiseka." Koma jombo imodzi anaipukuta kawiri.

Lachisanu lotsatira, muulutsi anachita kukonza kaye pakhosi. "Wapafupi wabweranso, ndipo lero wabwera ndi katundu. Akuti timu ya malaya oyera, inde akatswiri a ligi yaikulu aja, ikumufuna Injini, ndipo zokambirana zili mkati."

Abale, dera lonse linapenga. Wometa anawameta achimwene ulere, n'kuwajambula chithunzi choti akhome pakhoma. Amayi ena amene sanatipatsepo moni chibadwire changa anabwera kudzafunsa ngati tili bwino. Kusukulu ndiye musanene. Atsikana a makalasi apamwamba ankandisungira malo pamthunzi, kundinyamulira chikwama, n'kumandifunsa monong'ona ngati achimwene ali ndi chibwenzi. Ine ndinkangoti, "Sindingayankhule zambiri, nkhani ili m'manja mwa akuluakulu." Ndinkayenda ngati pansi pali siponji.

Achimwene okha ndi amene sankasangalala.

"Amayi, palibe amene wandiimbira. Foni yanga ndi iyi, onani."

"Akuimbira," anatero amayi. "Anthu akuluakulu sachita zinthu mothamanga. Ukapita kumeneko uzikadya, usamakachite manyazi."

Lachisanu lachitatu muulutsi anayamba ndi mwano. "Wapafupi, anthu akuti ndiwe wabodza, mnyamatayu sukumudziwa n'komwe. Ngati ulidi pafupi, tipatse umboni pulogalamu isanathe."

Ine ndinatuluka kukaanula zovala. Pobwerera ndinapeza muulutsi akuseka mpaka kutsokomola.

"Wayankha. Akuti Injini amaona kumbuyo ngati ali ndi maso pankhongo chifukwa m'mawa uliwonse chibwenzi chake chimamukwezera tinsalu tamitundumitundu kuseri kwa nyumba, iye n'kumatchula mtundu. Makochi, mwamva? Kaguleni nsalu."

Achimwene anaika jombo pansi pang'onopang'ono. Anazimitsa wailesi.

3

Lolemba anabwera msanga kuchokera ku maphunziro a timu, malaya ali ouma. Anzawo anawalandira akukupiza masokosi, wina akukuwa "kofiira", wina "kobiriwira". Koma zimenezo zinali zochepa. Akochi anawaitanira pambali.

Akochi a timu imeneyi ndi bambo wamfupi wa mimba, amene anawatola achimwene ali ndi zaka khumi ndi ziwiri akusewera osavala nsapato. Jombo zawo zoyamba anawagulira ndi iwowo. Ndiye akuti anawayang'ana n'kunena kuti, "Tatsala ndi masewero awiri kuti tikwere ligi, iwe uli kalikiliki kudzigulitsa mseri. Ndikumvera pa wailesi ngati mlendo? Ukhala pa benchi mpaka undiuze amene ukumutuma."

Achimwene atamaliza kuwafotokozera amayi, anatuluka osamwa ndi madzi omwe. Ine ndinawatsatira chapatali. Musandifunse chifukwa, miyendo yanga imangotero.

Alamu anali pa makina, akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko ngati ndikuyang'ana madiresi.

"Za tinsalu tikudziwa anthu awiri," anatero achimwene.

"Ndamva nanenso pa wailesi. Makasitomala akhala akundiseka kuyambira m'mawa."

"Unkafuna anthu adziwe kuti uli ndi chibwenzi chotchuka?"

Makina anaima. "Ukufunsa kapena wagamula kale?"

"Andichotsa mu timu. Loweruka ndikhala pa benchi chifukwa cha bodza lako."

Alamu sanakweze mawu. Anatsegula kabati, anatulutsa kajumbo ka tinsalu kaja, n'kukaika patebulo.

"Tenga. Ukapeze wina wokukwezera."

Achimwene anatuluka osanditchula ndi dzina lomwe, kaya sanandione. Makina anayambanso kulira, koma mzere umene alamu ankasokawo unakhota, ndinauona ndi maso angawa.

Sabata imeneyo kunyumba kunali ngati kuchipatala. Achimwene ankadzuka m'mawa, kumenyetsa mpira kukhoma okhaokha, osacheuka. Lachinayi amayi anandigwira pamphumi.

"Wadwala iwe? Masiku atatu sunanene munthu aliyense."

4

Loweruka bwalo linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Timu yathu inkayenera kupambana basi, apo ayi zokwera ligi ziiwalike. Achimwene anali pa benchi atavala jekete, manja ali m'matumba.

Ine ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachilendo, wovala chipewa, ali ndi kabuku pamwendo. Sankachemerera timu iliyonse. Anayang'ana m'bwalo, anayang'ana m'kabuku, kenako anandigunda ndi cholembera.

"Mwanawe, nambala eyiti ndi uti? Sindikumuona."

"Ali pa benchi. Ndi achimwene anga. Inu ndinu ndani?"

Anaseka. "Umafunsa ngati wapolisi. Ine ndimafufuza osewera, ndimagwira ntchito ku timu ya malaya oyera."

"Ndiye kuti mukuwafunadi?"

"Ifeyo? Tinali tisanamumvepo. Abwana anga anamva pa wailesi kuti tikukambirana ndi mnyamata amene sitikumudziwa. Anaseka, kenako anati, pita ukamuone, mwina tikumufunadi." Anayang'ana wotchi. "Koma ngati sasewera, ndangotaya tsiku. Basi yanga inyamuka masewero akangotha, ndipo kuno sindibweranso. Ndili ndi anyamata ena makumi awiri oti ndikawaone."

M'bwalo zinthu zinali zitavuta. Pakati panali pongodutsa ngati pamsewu. Otchinga kumbuyo athu ankangomenya mpira m'mwamba, adani n'kuutola, n'kubwera nawonso. Chigawo choyamba chisanathe, anatimwetsa chimodzi. Ndinaona akochi akuloza bambo wachipewa uja ndi chibwano, akuwauza achimwene zinazake. Sindinamve, koma ndinadziwa: waona, munthu wako wafika.

Owerenga, apa ndiye ndikuuzeni. Zenera la kukhitchini kwathu limayang'ana kuseri kwa nyumba, ndipo amene amatsuka mbale m'mawa ndi ine. Foni yaing'ono imene achimwene anandigulira atalandira malipiro awo oyamba inali m'thumba la siketi yanga, mauthenga atatu ali momwemo.

Wapafupi ndi ine.

Woyamba uja ndinautumiza chifukwa zinkandiwawa kuti achimwene satchulidwa. Koma nditamva mawu anga akutuluka pakamwa pa muulutsi, dziko lonse likumvera, inu, kukoma kwake sindingakufotokozereni. Sabata yotsatira ndinadziwa kuti ndikangobwereza zoyamikira sawerenga, pamafunika chachikulu. Ndiye ndinapeka. Wachitatu uja ndinaulemba nditaima pa chingwe cha zovala, chifukwa munthu ananditchula wabodza pa wailesi. Ndinalidi wabodza, koma sanayenere kunena.

Oyimbira atathetsa chigawo choyamba, ndinapezeka ndaimirira.

5

Pakhomo la chipinda cha osewera panali mlonda. Ndinadutsa kunsi kwa mkono wake. M'katimo munkanunkha mankhwala opaka ndi masokosi, anyamata ali chifuwa pamtunda, akochi ali pakati kukalipa.

"Mwana wa ndani uyu?"

"Ndi mlongo wanga," anatero achimwene. "Iwe, tuluka."

"Akochi, Wapafupi ndi ine."

Ndinatulutsa foni n'kuwapatsa. Anavala magalasi. Anawerenga uthenga woyamba, wachiwiri, wachitatu, milomo ikugwedera.

"Uli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu."

"Walemba kuti zokambirana zili mkati. Mkati mwa chiyani?"

"Mwa mutu wanga, akochi."

Goloboyi ndi amene anayamba kuseka. Anayesa kutseka pakamwa ndi magolovesi koma zinakanika, ndipo chipinda chonse chinaphulika. Wina anagwa pa benchi. Koma akochi sanaseke.

"Nanga wachipewa ali panjayo? Wamupekanso iwe?"

"Wabwera chifukwa cha bodza lomwelo. Akuti abwana ake anamva pa wailesi, ndiye amutuma adzaone ngati akuwafunadi. Achimwene sakudziwa chilichonse. Akapanda kusewera lero, bamboyo sabweranso."

Akochi anavula magalasi n'kudzigwira kumaso. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba makalata kuti anthu amenewa adzaone ana anga. Osayankha ngakhale imodzi. Lero abwera chifukwa cha kamwana kotsuka mbale."

Ine ndinkangoyang'ana achimwene. Sanaseke, sanakalipe. Ankayang'ana pansi pakati pa jombo zawo.

"Ndiye kuti iye uja sananene kanthu," anatero.

"Sananene."

Anagwedeza mutu kamodzi. Bola akanandimenya.

Akochi anawaponyera malaya a nambala eyiti. "Ndakulakwira, mwana wanga, tikambirana bwino. Pano vula jekete. Iwe Wapafupi, pita kutali."

6

Ndinabwerera pamalo panga. Bambo wachipewa anandiyang'ana, anayang'ana achimwene akulowa m'bwalo, n'kutsegula kabuku.

Ine mpira sindiudziwa kwenikweni, ndimapitira anthu. Koma tsiku limenelo ndinaona. Mpira usanawafike, mutu wa achimwene unali utatembenuka kale kawiri, uku ndi uku. Mdani akamabwera kumbuyo mwakachetechete, ankapeza mwini wake wachoka kale, mpira uli kwina. Sankathamanga ngati wopenga ayi. Ankangopezeka pamalo pamene mpira ukufuna kugwera, ngati anapangana nawo.

"Amayang'ana asanalandire," anatero bambo uja, akulemba. "Ndiye za tinsalu zija n'zoona?"

"Zimenezo zokha n'zoona," ndinatero.

Patapita mphindi khumi, achimwene analandira mpira atafulatira golo ya adani. Osatembenuka, anaukankha ndi chidendene, ukudutsa pakati pa anthu awiri, n'kukapeza womwetsa zigoli wathu ali yekhayekha. Ukonde unagwedera. Mayi wina amene sindimudziwa anandinyamula m'mwamba. Nsapato yanga imodzi sinapezeke mpaka lero.

Chachiwiri chinabwera kutatsala mphindi zitatu. Analanda mpira pakati, anathamanga nawo, aliyense akudikira kuti apatsira mnzawo ngati mwa masiku onse. Anaumenya okha. Goloboyi wa adani anangoutsatira ndi maso.

Bambo wachipewa basi yake inamusiya. Ndinamuona ataima ndi akochi pakati pa bwalo, akulemberana manambala a foni, akochi atatulutsa mimba ngati ndi iwo amene agoletsa.

Kuti ndisakuchedwetseni: timu yathu inakwera ligi. Achimwene anaitanidwa kukayesedwa masabata atatu, ndipo anasaina zaka ziwiri. Muulutsi uja anachita kunena pa wailesi kuti, "Wapafupi, tikupepesa, unkanena zoona." Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga.

Koma tsiku la masewero lija, pobwerera kunyumba, anthu akuimba mumsewu, achimwene anandiuza mawu amodzi okha.

"Lolemba upite kushopu, ukanene wekha. Ukachoka iwe ndipita ine."

7

Ndinapita nditaweruka kusukulu. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma nditangoona alamu pa makina, onse anathawa. Ndinangoyamba kulira, ndi mamina omwe.

"Alamu, Wapafupi uja..."

"Ndi iwe. Ndikudziwa." Sanasiye kusoka. "Mutu wako unkaoneka pazenera m'mawa uliwonse. Mbale imodzi unkaitsuka mpaka ife kumaliza."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti ndi mlongo wako? Akanati ndikuthawira kwa mwana." Anadula ulusi ndi mano. "Komanso ndinkafuna andikhulupirire ndisanabweretse umboni. Zaka ziwiri ndikudzuka m'mamawa kukaima pafumbi ndi tinsalu, iye osandifunsa n'komwe kuti kodi ndi iwe."

Anandipatsa kansalu kuti ndipukute kumaso.

"Iwe ndakukhululukira, pakamwa pako tonse timapadziwa. Koma achimwene akowo ndi nkhani ina. Ndipo usanditchulenso alamu mpaka ndidzakuuze ndekha."

Achimwene anapitadi madzulo ake. Anabwerako msanga.

Ndiye owerenga, anthu a m'dera mwathu amati ndinachita bwino. Wometa uja amanditchula kuti manijala. Anzanga ena amandipempha kuti ndiwapekere nawonso abale awo, wina mpaka akufuna ndinene kuti malume ake akufunidwa ndi gulu loimba. Ndimaseka nawo, chifukwa n'zoseketsadi. Koma amene anakweza achimwene si ine. Ine ndinangobweretsa bambo wachipewa pabwalo, ndipo ndinatsala pang'ono kumuonetsa benchi. Chimene bamboyo analemba m'kabuku mwake chinachokera kwa munthu amene ankaima pafumbi m'mawa uliwonse, yemweyo amene ndinamusiya sabata yathunthu akutchedwa wabodza ine ndikudziwa. Mukamamva nkhani yokoma ikukuyabwani ngati mmene imandiyabwira ine, muziyamba mwayang'ana kuti igwera pamutu pa ndani. Ine sindinayang'ane.

Pano achimwene amaoneka pa kanema atavala malaya oyera. Akapatsidwa tchuthi amabwera kunyumba ndi mathalauza oti akafupikitse, ndipo mathalauzawo ndi abwinobwino. Ena afupikitsidwa kawiri, akuoneka akakolo. Mwini shopu amawalandira ngati kasitomala wina aliyense, kuwayeza, n'kuwauza tsiku lodzatenga.

Lamlungu lapitali ndinadutsa pashopupo mwangozi, ndikunenetsa, mwangozi. Shopu inali yotseka, koma zenera linali lotsegula pang'ono, ndipo ndinamva anthu awiri akuseka. Chimene ndinaona nditasuzumira, inu, chikundiwotcha lilime pamene ndikulemba pano.

Koma chimenecho mukachimve kwa eni ake.